Blasius Anali Nafe Pamkeka

Anzanga, munthu ameneyu ndinakumana naye pageti la msika wa Balaka mu 1986.

Ndinali nditangoyamba kumene ntchito ya u-typist pa ofesi ina, ine mtsikana wa kwa Kawinga, woyamba kwathu kulembedwa ntchito. Loweruka limenelo ndinkakagula mbaula, koma khadi la chipani ndinaliiwala kunyumba. Anyamata a malaya ofiira anandiimitsa.

"Khadi, chemwali!"

Ndinayamba kufufuza m'chikwama. Kenaka kumbuyo kwanga kunamveka mawu: "Asiyeni awa, ndi akazi anga. Khadi lawo ndalisiya ine patebulo."

Anyamata aja anaseka. "Aa, ndi akunyumba kwa a Blasius? Dutsani, mayi."

Titalowa ndinamuyang'ana. "Bambo, mwandikwatira liti?"

"Pompano. Koma ndiuzeni, mkazi wangayu dzina lake ndani?"

"Mwajuma," ndinayankha, kuseka kukundipweteka m'nthiti.

Anali kalaliki kusiteshoni ya sitima, kwawo ku Rivirivi. Mnyamata wa smart, shati yosita bwino, woyankhula mofatsa.

Balaka nthawi imeneyo inkakula mochititsa mantha. Pomwe chaka chatha panali munda wa thonje, lero upeza uvuni wa njerwa ukufuka. Ine ndinkachita lendi kachipinda kuseri kwa golosale. Anansi anga anali namwino wa ku Rumphi ndi mphunzitsi wa ku Nsanje, tonse alendo. Kwathu ukakonda munthu, anthu amakufotokozera mpaka za agogo ake. M'tauni mulibe wokuuza.

Koma anzanga, ndinakondedwa ine!

Nthawi ya lunch ankabwera panjinga ndi zitumbuwa zotentha. Mwezi wa Ramadhani, iye Mkatolika, ankasala nane limodzi. Tsiku lina anandikweza pakaliyala mpaka kumapuloti atsopano, n'kuyamba kujambula pansi ndi kamtengo.

"Apa sitting room. Apa kitchen yako. Windo likhale lalikulu kuti uziona sitima ikamadutsa, uzindikumbukira."

Kumudzi nkhani inavuta. Amjomba anga a Abdulrazak, alongo a mayi anga, anangoti, "Mkhristu? Iyayi!" Amene anandiikira kumbuyo ndi achimwene anga a Uladi, asodzi a ku nyanja ya Chiuta, omwe anandiphunzitsa sukulu ndi nsomba zawo.

"Musamuweruze munthu musanamuone," anatero. "Ndikamuona ndekha."

Anabweradi Lamlungu lina masana, atanyamula nsomba zouma. Tinayala mkeka pansi pa mango kuseri kwa nyumba, atatu basi. Posakhalitsa awiriwo anali akuseka ngati anakulira limodzi. Achimwene anayamba kale kumutchula kuti alamu.

Mtima utakhala pansi, achimwene anamasuka. Anafotokoza kuti a chipani anabwera kudoko n'kutenga nsomba zawo zonse, akuti ndi mphatso ya kumsonkhano.

"Mphatso yanji yochita kulanda? Ana anga agone ndi njala kuti akuluakulu adye?"

"Achimwene, tsitsani mawu," ndinawanong'oneza.

"Tikuopa ndani? Pano pali alamu anga okha."

Blasius anamwetulira n'kuwathirira tiyi wina.

Sabata isanathe, akazi a achimwene, a Saida, anatulukira ku ofesi kwanga, mwana kumbuyo, maso ali psu. Akuti galimoto inafika kudoko, anthu osavala yunifolomu anawatenga achimwene. Popanda mlandu, popanda khoti.

Ndinayenda maofesi mpaka nsapato kutha. Kulikonse yankho linali limodzi: "Sitikumudziwa." Blasius ankandiperekeza, atanyamula basiketi ya chakudya chimene tinkabwerera nacho.

Patapita miyezi, a Saida anandikokera pambali.

"Alamu, pali zimene ndinkaopa kunena. Anthu aja powakweza m'galimoto anati, 'Ukabwereze zimene unanena ku Balaka pansi pa mango.'"



Ndinapita kusiteshoni. Ndinamupeza papulatifomu, sitima ya katundu itangochoka.

"Blasius, pamkeka paja tinalipo angati?"

Sanandiyang'ane. Anayankhula motsitsa.

"Anthu a boma aja amandiitana mwezi ndi mwezi, Mwajuma. Ndikapanda kuwapatsa dzina, atenga langa. Ndinkaganiza kuti angowaopseza basi."

"Ndiye unawapatsa la achimwene anga?"

"Sorry... ndinkateteza tsogolo lathu."

Tsogolo lathu! Ndinafuna kukuwa, koma papulatifomu panali anthu, ndipo masiku amenewo sunkadziwa kuti khutu ndi la yani. Ndinatembenuka n'kumapita, misozi ndikuimeza. Ngakhale kulira ndinakalirira m'chipinda, wailesi nditakweza.

Chaka chotsatira anamupatsa promotion, anasamukira ku Limbe. Sindinamuonenso.

Achimwene anatuluka m'ndende patatha zaka zingapo. Ndinathamangira kwa Kawinga. Ndinawapeza pakhonde atawonda, akutsokomola, khutu limodzi losamva. Atandiona anamwetulira, mano ena mulibe.

"Mwajuma! Nanga alamu anga ali kuti? Munakwatirana?"

Ndinayang'ana a Saida, iwo anayang'ana pansi.

"Tsiku lija wina ankatimvetsera kuseri kwa mpanda," achimwene anapitiriza. "Ndinkada nkhawa kuti mwina nawonso anawatenga chifukwa cha pakamwa panga. Ali bwino?"

"Ali bwino," ndinatero. "Anasamuka."

"Alhamdulillah," anatero, n'kupuma mozama.

Anamwalira mvula isanagwe. Mpaka tsiku lomaliza ankandiuza kuti ndikadzakumana naye Blasius, ndidzamupepese m'malo mwawo.

Anzanga, kundisiya kapena kundinyenga ndi mkazi wina ndikanapirira. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti achimwene anamukhulupirira munthu uja chifukwa anaona kuti ine ndikumukonda. Ukakhulupirira munthu sukhulupirira wekha, umalowetsamo ndi abale ako omwe.