Mitengo ya a Zikhalo inathera mu uvuni

A Zikhalo anabwera m'mudzi mwathu, kufupi ndi Kasina, akadali mnyamata, kudzakwatira mayi Rozina. Kwathu kuno mwamuna ndiye amatsatira mkazi, ndipo mkamwini alibe munda wake. Ngakhale nyumba yomwe wamanga ndi thukuta lake anthu amati ndi ya akazi ake. A Zikhalo anazindikira zimenezi msanga. Anapempha kwa akuchikazi kamtunda kena kamiyala komwe ngakhale mbuzi zinkakanyoza, n'kudzalapo bulugamu. Ankatunga madzi kudambo pa njinga n'kumathirira, ife tikuwaseka. Mitengo ija itakula tinasiya kuseka, tinayamba kunena kuti "kunkhalango kwa a Zikhalo". M'mudzi monse muno chinthu chotchulidwa dzina lawo chinali chokhacho, ndipo ankati akadzakalamba adzadyera matabwa ake.

Sukulu yathu ya pulayimale ili ndi zipinda zochepa. Ana a sitandade 3, pamodzi ndi Alile, chitsirizira wa a Zikhalo, ankaphunzirira panja m'chisanu cha mu Juni, zala zitauma osatha kugwira pensulo. Tsiku lina komiti ya sukulu inaitana makolo. Inati bungwe lina lalonjeza simenti ndi malata, bola ife tiumbe njerwa ndi kuwotcha tokha. Ovomereza akweze dzanja. Manja anakwera bwalo lonse, ena mpaka awiri. Koma itafika nkhani ya nkhuni zowotchera, aliyense anapeza chochita ndi zala za kumapazi kwake.

Wapampando wa komitiyo anali a Eustace, mlongo wawo wa mayi Rozina, munthu wa pakamwa potsekemera.

"Alamu," anatero a Eustace, "si inu muli ndi mitengo? Kapena Alile wanuyo sazizidwa?"

A Zikhalo anapotokola chipewa m'manja. Kenako anati, "Kaduleni."

Sanangopereka mitengo, anayatsanso okha uvuni n'kumasonkhezera mpaka nsidze zinawauka. Njerwa zinapsa bwino, zofiira, zolira ukazigunda. Tinawaombera m'manja, ndipo kutchalitchi anawatchula dzina.

Mvula itatha kunabwera galimoto ya abungwe aja. Bwana wina wovala jekete anazungulira uvuni, manja ali m'thumba, n'kunena kuti iwo samangiranso njerwa zowotcha chifukwa zimawononga chilengedwe, amafuna mabuloko a simenti. Komiti yathu, chifukwa chozolowera kuti sukulu imayamba ndi chikombole, sinafunse n'komwe. Bwanayo analozanso zitsa pamtunda paja.

"Taonani, ndani wopanda chisoni anadula mitengo yonseyi?"

A Zikhalo anali pomwepo. Palibe mmodzi wa ife anatsegula pakamwa, ndipo mpaka lero zimandipsetsa mtima. Thandizo lija linapita ku sukulu ina.

Tinakumananso pabwalo la sukulu kuti tione chochita ndi njerwazo. Maganizo anali awiri, kuzisunga mpaka titapeza wina wotithandiza kapena kugawana potsata mbumba. A Zikhalo anakweza dzanja kumbali ya kusunga.

"Alamu, tsitsani dzanjalo," anatero a Eustace akumwetulira. "Iyi ndi nkhani ya eni mudzi. Gawo la alongo anga ndilandira ine."

Ogawana anapambana. Gawo la mayi Rozina lili m'khoma la golosale ya a Eustace, m'mbali mwa msewu wopita ku Linthipe. Alile anamaliza chakacho panja, ndipo ana a sitandade 3 akadali pomwepo.

Bulugamu amaphukira ukamudula, ndipo a Zikhalo, imvi zili mbuu, anayamba kupita kukatengulira mphukira. M'mawa wina anapeza aganyu akuzula zitsa. A Eustace anali atalamula kuti pamtundapo padzalidwe mbatata ya kachewere, poti malowo ndi a mbumba.

Ndinakumana ndi a Zikhalo akutsika, chikwanje chili m'khwapa, ndipo ndinawafunsa ngati sakadandaula kwa akuluakulu.

"Ndikadandaule chiyani, achimwene?" anatero. "Akuti malowo anabwereketsa kwa mitengo, osati kwa ine."