Mutu wa Yosefe Woyera

Nthawi ya nkhondo, a Gervásio Mutepa sankasowa ntchito kwathu kuno m'mbali mwa mtsinje wa Licungo. Anali mmisiri wa matabwa, wokhoma mabokosi a maliro. Mtendere utabwera mu 1992 anthu anachepetsako kufa, ndipo a Gervásio anayamba kuyenda ngati munthu wolandidwa munda.

Tchalitchi cha parishi yathu chinali chitagonamo asilikali zaka zisanu. Mabenchi anaphikira nyemba, malata anapita, makoma anada ndi mwaye. Chifanizo cha Yosefe Woyera chinatsala pamalo pake koma chopanda mutu, poti anyamata a mfutiwo ankaphunzirirapo kuwombera.

Wansembe watsopano, Bambo Hilário, anasonkhanitsa akhristu. Ena anadzipereka kukwecha makoma, ena kudula mitengo ya denga. A Gervásio, amene kutchalitchi ankangofikako pamaliro, anaimirira.

"Bambo, za mutuzo mundisiyire. Ndagoneka anthu ambiri ine, mutu wa munthu ndimaudziwa."

Anadzitsekera m'shedi miyezi iwiri ndi chipika cha mlombwa, atabwereka kagalasi ka akazi awo, mayi Deolinda.

Tsiku lodalitsa chifanizo, Bambo Hilário atavundukula nsalu, anthu onse anatong'ola maso. Yosefe Woyera anali ndi dazi, makutu ngati zipande, mphuno yokhotera kumanzere. Ngakhale chipsera chimene a Gervásio anachitenga pandewu ya kumowa chinalipo pamwamba pa diso. Kumbuyo wina anatsokomola, kenaka mapewa a mbali yonse ya amayi anayamba kugwedezeka.

Misa itatha, wansembe anawaitanira pambali.

"A Gervásio, nkhope iyi mwaitenga kuti?"

"Inandibwerera kumaloto, Bambo."

"Ndi chipsera chomwe?"

"Yosefe anali mmisiri ngati ine. Amisirife timavulala."

Mutu wina panalibe, denga linali likudontha, ndiye chifanizo chinakhala. Kuyambira pamenepo a Gervásio sankaphonya Misa. Ankakhala pafupi ndi chifanizocho, khosi atalipendeketsa chimodzimodzi, n'kumayang'ana amene angagwade. Sankagwada munthu. Anakadandaula kwa wansembe kuti akhristu a masiku ano alibe ulemu kwa oyera.

Bambo Hilário anafunsa amayi chifukwa chimene anasiyira kuyatsa makandulo pamenepo. Anayankha ndi mayi Deolinda.

"Bambo, zaka makumi atatu ndakhala ndikugwadira nkhope imeneyi popereka madzi osamba. Ndizidzaigwadiranso kuno? Yosefe weniweni analera mwana wosakhala wake. Awa ali ndi ana atatu kutsidya kwa mtsinje, akuwalerera ndi amuna anzawo."

Wansembe anayesa nzeru ina. Anatuma munthu kupaka ndevu zakuda pachifanizo kuti nkhope isinthe. Patatha mwezi, a Gervásio anali atasunga ndevu.

Zinakhala choncho chaka ndi theka, mpaka lole ya ku mzinda wa Quelimane inabweretsa malata ndi Yosefe wina wochokera kunja, wokutidwa m'udzu, woyera nkhope, mphuno yowongoka. Amayi anayatsa makandulo tsiku lomwelo. A Gervásio anamuzungulira kawiri, nkhope itagwa.

"Uyu sowo sanaigwirepo. Taonani manja akewo."

Chifanizo chakale anawapatsa, ndipo anachimangirira panjinga n'kuchikankha mpaka kwawo, ana a sukulu akupereka moni kwa onse awiri. Pakhomo mayi Deolinda anaima pachitseko.

"M'nyumba muno mmodzi akukwana."

Ndiye anakachizika m'munda wa chinangwa kuti chiziopseza anyani. Anyani anachiopa masiku atatu. Lero amakhala pamapewa pake n'kumadya chinangwa, makoko akugwera padazi. A Gervásio akalamba tsopano, maso sakuona bwino, koma chaka chilichonse mvula isanagwe amapita ndi kabotolo ka mafuta a galimoto kukapaka nkhopeyo kuti chiswe chisaidye.