Phazi la Ruth pa Njerwa

Anthu a m'mudzi wina wa kufupi ndi Chiparamba amaitchula kuti nyumba ya a Alfonsi. Yosefina, mkazi wawo, sanatsutsepo. Komatu madzi onse opondera dothi la njerwa zake anadutsa pamutu pake, ndowa imodziimodzi kuchokera kudambo. Mitengo yootchera uvuni a Alfonsi ankadula kuphiri, iye n'kumasenza. Pamene pankakhala nkhata tsitsi silinamerenso bwino.

Anakula choncho. Sukulu anaisiyira mu giredi folo kuti alere ang'ono ake. Kutchalitchi ndiye ankachapa nsalu za paguwa, pamaliro ankafika woyamba n'kuchoka mbale zonse zitauma. Thonje ankatola ndi iye, koma pogulitsa pankamveka dzina la mwamuna. Sankadandaula. A Alfonsi anali munthu wofatsa, woti akapita kutauni ankamubweretsera bani yomwera tiyi m'thumba la jekete, yophwanyika kale.

Mu Okutobala wa 1996 kunabwera mlonda wa nkhalango. Phiri lija linali litaikidwa chikwangwani choletsa kudula mitengo zaka ziwiri m'mbuyomo. Mlondayo anaona zitsa, anaonanso kuti nyumba ya njerwa zootcha inali imodzi yokha.

"Mitengo ija munadula ndinu, bambo?"

"Ndine," anatero a Alfonsi, chipewa chili m'manja.

Anawatengera ku Chipata. Za belo, yoti mwamuna wake adikirire mlandu ali kunja, Yosefina anauzidwa kuti apeze anthu a pantchito owaimira, ndipo iye analibe. Mvula inali pafupi, munda sunalimidwe. Anthu ankati akapezeka olakwa, chaka chimenecho khasu saligwira.

Yosefina anakagona ku Kapata, ku Chipata komweko, kwa mlamu wake Dolika, mlongo wa a Alfonsi, amene kale anali taipisiti kwa loya wina asanapume. M'mawa ankasesa bwalo la eni nyumba osatumidwa, n'kuphika mbatata zopita nazo ku rimandi, kumene a Alfonsi anatsekeredwa podikira mlandu.

"Mlamu, mitengoyo anadula liti?" anafunsa Dolika tsiku lina, akusenda mtedza.

"Kale. Chisanadze chilala chija tinadya chimanga chachikasu."

Dolika anasiya mtedza. "Ndiye chikwangwani kunalibe."

"Kunalibe. Aliyense ankadula."

"Ndiye mlandu palibe. Munthu sangalangidwe pa chimene anachita lamulo lake lisanakhaleko. Zili m'malamulo akulu a dziko lino, ndipo maiko anagwirizana choncho. Chofunika n'chakuti achimwene akakane mlandu."

Apo ndi pamene panavuta. Yosefina atawauza pa mpanda wa waya wa ku rimandi, a Alfonsi anapukusa mutu.

"Amake Ruth, ndikanene kuti sindinadule? Nanga polapa ndikawauza chiyani ansembe?"

"Simukanama, atate ake a Ruth. Mukanene kuti munadula, koma nthawi imeneyo sikunali koletsedwa."

"Kukangana ndi a boma, ine? Akati walakwa, umapepesa. Ndiponso chaka chake ndaiwala."

"Mungakumbukire bwanji, ngati munatungako madzi."

A Alfonsi anaseka, koyamba chiwatsekereni. "Mbatatazi mwathira mchere, kapena mwathira mkwiyo?"

Yosefina chakacho sanaiwale, chifukwa Ruth, mwana wawo, ndi pamene ankayamba kuyenda. Tsiku lina anamutsitsa kumsana kuti atule ndowa, ndipo mwanayo anadzandira mpaka pa njerwa zaziwisi, n'kuponda imodzi. A Alfonsi ankafuna kuiphwanya. Yosefina anakana, anaiyanika payokha, anailowetsa mu uvuni pamodzi ndi zinzake, ndipo pomanga anapempha kuti iikidwe pansi pa windo la kuchipinda. Phazilo linabisika m'dothi lomangira, koma iye ankadziwa kuti ndi iti.

Anabwerera kumudzi, natenga mpeni wakale. Anakumba m'mbali mwa njerwayo pang'onopang'ono, kuopa kuithyola, mpaka inatuluka. Anaitsuka monga amatsukira mbale za alendo. Tizala tonse tisanu tinalipo.

Tsiku la mlandu anaikulunga m'chitenje, Ruth atamugwira padzanja, ali mu yunifolomu ya giredi thu. Mlandu utawerengedwa m'khoti, a Alfonsi anayang'ana pansi. Kenaka anayang'ana mkazi wawo.

"Kudula ndinaduladi, bwana. Koma mlandu ndikuukana. Nthawi yake akudziwa ndi amayiwa."

Majisitireti, mayi wa magalasi, anafunsa mlonda ngati anaona a Alfonsi akudula. Mlondayo anati anaona zitsa ndi nyumba, ndipo mwini wake anavomera yekha kuti mitengoyo anaotchera njerwa. Pamenepo anaitana Yosefina. Mawu ake anali otsika, moti womasulira anachita kuwerama. Anafotokoza za dambo, za uvuni, za mwana. Anamasula chitenje.

"Phazi limeneli ndi la yani?"

"La uyu, mayi."

Majisitireti anauza Ruth kuti avule patapata. Mwanayo anaponda panjerwapo mwamanyazi, phazi lake n'kukwirira kaphazi konse, chidendene n'kutsala kunja. Wina kumbuyo anaseka, wapolisi n'kumuyang'anitsitsa.

"Phazi silikula chonchi pa zaka ziwiri," anatero majisitireti. Anafunsanso mlonda ngati zitsazo zinali zatsopano, ndipo iye anavomera kuti zambiri zinaphukira kale nthambi. Mayiyo analemba kanthawi, kenaka anati lamulo limalanga zochitika ilo litakhazikitsidwa, osati za m'mbuyo mwake. Anawachenjeza a Alfonsi kuti lero phirilo n'loletsedwa ndithu, n'kuwauza kuti azipita.

Anafika kumudzi mitambo itayamba kuda chakum'mawa. Bowo la pansi pa windo Yosefina anali atatsekapo ndi sanza. A Alfonsi analiyang'ana, nayang'ana njerwa, nati iyenera kubwerera pamalo pake mvula isanagwe. Yosefina anatenga ndowa kuti akatunge madzi opondera dothi.

"Bweretsani kuno, amake Ruth."

Anapita okha kudambo. Amayi a pachitsime anawaseka mpaka kugwira nthiti, ndipo anabwerako buluku lonse litanyowa, madzi atatsala theka. Yosefina anakhala pakhonde, manja ali pamiyendo, osadziwa chochita nawo. Anangowauza kuti theka limenelo likwana.