TV Imene Inalibe Vuto

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene zithunzi zinasowa pa TV yathu ku Masasa. Pa wailesi anali atalengeza kwa miyezi kuti kaulutsidwe kakusintha, ndipo aliyense wofuna kupitiriza kuonera adzafunika kabokosi kotchedwa dikoda. Kwathu nkhaniyi sinkatchulidwa, chifukwa adada anali okonza ma TV.

Kwa zaka zambiri anali ndi kashopu kufupi ndi msika waukulu, kodzaza ma TV otsegulidwa kumbuyo. Kenako sitiroko inawagwetsa. Dzanja lamanja linafa, mwendo ankachita kuukoka, ndipo mawu ankatuluka limodzilimodzi, movutikira. Amama ankagulitsa kaunjika mumsika mpaka madzulo, ndiye ndikaweruka kusukulu wokhala ndi adada ndinali ine.

Tsiku limenelo kunali kamvula kowaza ka nyengo yozizira. Ndinawapeza pampando wawo atafunda bulangete, TV ikungoonetsa mpunga, timadontho toyera ndi takuda tikuwirawira, ikulira shiii. Anandiyang'ana, n'kuloza bokosi lawo la zipangizo limene linali litatha chaka lili kuseri kwa kabati.

"Tamara," anatero. "Tsegula."

Ndinazimitsa magetsi, ndinatembenuza TV ija, n'kuyamba kumasula masikuluwu. Mkati munali fumbi lonunkha ngati nsalu yopserera. Nditati ndipise dzanja, anandigwira pamkono ndi dzanja lawo lamanzere mwamphamvu imene sindinkadziwa kuti akadali nayo.

"Waya wofiira, ayi," anatero. "Imfa."

Kuyambira tsikulo manja awo anakhala ine. Iwo ankaloza ndi ndodo, ine n'kupukuta, kugwedeza, kumasula, kubwezeretsa. Anandiphunzitsa kuwotcherera waya osanjenjemera. Ndikalakwitsa ankagunda ndodo pansi kamodzi, ndikakhoza ankatsinzina n'kugwedeza mutu. Tikatseka, ndinkatuluka panja kukazunguza nsungwi ya eriyo, matope ofiira akundimata m'mapazi, iwo akundiyang'ana pawindo. Mpunga sunkachoka. Mawa lake tinkayambanso.

Masiku oyamba ndinkasangalala. Koma a Nyirenda, oyandikana nafe, anali atagula dikoda, ndipo masana aliwonse ana a mumzere wathu ankadzaza pabalaza pawo. Kuseka kwawo kunkadutsa mpanda n'kundipeza nditagwada kuseri kwa TV, nkhope ili mbuu. Mnzanga Lusungu, mwana wa a Nyirendawo, anandiuza kusukulu kuti, "Iwe, mukungovutika chomene. Ngakhale mukonze mpaka Khirisimasi, popanda dikoda palibe chituluke."

Ndinkadziwa kuti akunena zoona. Ndinasunga mumtima masabata atatu.

Lachisanu lina Lusungu anandiitana pampanda kuti filimu imene tonse tinkaidikira ikuyamba. Nthawi yomweyo adada analoza bokosi lija. Sindikudziwa kuti mawu angawa anachokera kuti.

"Adada, TV iyi ilibe vuto! Aliyense akudziwa. Palibe chimene mungakonze. Zipangizo zanuzi zilibenso ntchito masiku ano."

Sanakalipe. Anandiyang'ana, kenako anatsitsa ndodo ija pang'onopang'ono.

"Yewo," anatero, ngati akundithokoza. "Pita."

Ndinapita. Ndinakhala pamkeka wa a Nyirenda maola awiri, koma mpaka lero sindikumbuka chimene tinaonera. Nditabwerera ndinapeza TV, imene dzulo lake tinaisiya yotsegula, itatsekedwa kumbuyo. Anali atamanga okha ndi dzanja lamanzere: masikuluwu atatu atalowa mopendekeka, lachinayi lili pansi. Bokosi la zipangizo linali litabwerera kuseri kwa kabati, ndipo pasimenti panali mzere woonetsa mmene analikankhira ndi phazi. Iwo anali pampando, chala chili ndi magazi, akuyang'ana khoma.

Patapita masiku ochepa, amalume a ku Katawa anabweretsa dikoda. Zithunzi zinabwera zowala kuposa kale, matchanelo ambirimbiri. Adada ankaonera chilichonse chimene tawaikira, osasankha, osadandaula. Sanalozenso bokosi lija, ndipo ine, kunena zoona, ndinapumula. Ndinkawaikira TV, kuwapatsa tiyi, n'kutuluka kukasewera. Mvula itayamba kugwa chaka chomwecho, sitiroko yachiwiri inawatenga.

Maliro atatha, ine ndi amama tinkalongedza zipangizo zija kuti tipatse wachibale wina. Nditagwira sikuludiraiva ya chigwiriro chachikasu, ndinayamba kulira, ndipo ndinaulula zimene ndinanena Lachisanu lija. Ndinati mwina ndikanangowasiya azikhulupirira kuti TV inawonongeka.

Amama anasiya kupinda nsalu n'kundiyang'ana.

"Ukuganiza kuti adada ako sankadziwa? Munthu amene watha moyo wake wonse mkati mwa ma TV? Za dikoda anandiuza ndi iwowo, asanadwale n'komwe. Amalume ako anafuna kuibweretsa sabata yoyamba yomwe ija. Adada ako anakana."

"Nanga ankanditsegulitsiranji?"

"Munthu amene mawu amuthawa," anatero amama motsitsa, "acheza bwanji ndi mwana wake?"

Sitinaikambenso nkhaniyi.

Papita zaka tsopano. Ndinanena zoona tsiku lija, ndipo kwa nthawi yaitali ndinkadzitonthoza nazo zimenezo. Koma adada sanandifunse ngati TV ili ndi vuto. Ankandipempha masana anga, m'njira yokhayo imene inali itawatsalira, ndipo ine ndinayankha funso limene sanafunse. Nthawi zina ndimayesa kuwerenga kuti anawatengera mphindi zingati masikuluwu atatu aja, ali okha m'nyumba, kuseka kwathu kukumveka kuseri kwa mpanda. Sindifika kumapeto.

Amama akalamba tsopano. Amandiimbira foni kuti ndibwere ndidzawaonetse kutumiza uthenga, chinthu chimene ndawaonetsa kambirimbiri, ndiponso chimene amachita bwinobwino akamalembera azimayi anzawo a kumpingo. Ndimakwera kabaza, ndimakhala nawo pampando, n'kuwaonetsa kuyambira pachiyambi, pang'onopang'ono, mpaka tiyi atazizira.