Kodi Eda Ameneyo Ndi Ndani?

Sabata ino ndapsa mtima, ndipo sindibisa. Amene mumatsegula tsamba lino kuti museke mundikhululukire, lero nthabwala ndilibe.

Kuno ku Nkope ndimakhala moyandikana ndi mayi wina, Abiti Jafali. Iwowa amagulitsa katundu wogwiritsidwapo kale ntchito pa gulu lina la pa foni limene anthu amangoti okushoni. Kwa inu amene simunalowepo, zimayenda chonchi: wogulitsa amajambula katundu, amaika chithunzi pa gulu n'kunena nthawi yotsekera, ndiye anthu amayamba kupikisana mitengo. Nthawi ikakwana, amene watchula mtengo wokwera ndiye wapambana. Awiriwo amagwirizana kumene katundu akatengedwe, kapena minibasi imene atumizidwepo. Zonse zikatha wogula amalemba pa gulu mmene zayendera, ndipo mawu ake ndi amene amachititsa kuti mawa anthu akukhulupirire kapena akuthawe.

Pa bizinesi imeneyi Abiti ankagwira foni, amuna awo Che Yusufu ankagwira katundu. Bamboyo ndi amene ankamangirira mafani, mabatire ndi mapoto pa njinga kupita nazo kumsewu, n'kumakalimbana ndi makondakitala. Che Yusufu anatisiya mwezi wathawu atangodwala pang'ono.

Ndiye panopa Abiti ali pa eda. Ife a kuno mawu amenewa timawadziwa, ngakhale enafe amene timapemphera Lamlungu. Mkazi wachisilamu akafedwa mwamuna amakhala panyumba miyezi yoposa inayi. Sadzikongoletsa, sapita kumsika kapena ku ukwati, ndipo satulukira amuna achilendo. Mashehe ena amati pakagwa vuto lenileni akhoza kutuluka, koma Abiti anasankha okha kusunga zonse mmene amachitira kwawo. Komatu ana ali nawo, ndipo ana sadikira eda ithe kuti amve njala. Msika umene watsala kwa mayi ameneyu ndi wa m'foni womwewo basi.

Sabata yatha anaika pa gulu makina osokera opalasa ndi mwendo. Pansi pa chithunzi analemba momveka bwino kuti makinawo ali kwa aneba awo, wopambana adzatenge Loweruka masana, kapena anene kuti atumizidwe pa minibasi. Anebawo ndine. Makinawo anali pabalaza panga, tikuchita kuwazungulira popita kukhitchini.

Anapambana ndi bambo wina wa ku Blantyre. Anati zakhala bwino, chifukwa akubwera kunyanja kuno ku msonkhano wa kuntchito, misonkhano ija imene anthu amadzera kudzadya chambo n'kumasinza masana. Analemba yekha ndi zala zake kuti, "Ndamva, Loweruka."

Anafika Lachisanu dzuwa lili paliwombo, nthawi imene amuna ambiri a m'dera lathu ali kumzikiti. Ine ndinali ku Boma kukatenga mankhwala a mayi anga, nyumba nditakiya. Sanaimbe foni ali m'njira. Anangofunsa akabaza kumsewu kuti kwa Abiti ogulitsa pa foni ndi kuti, n'kudzaimika galimoto pakhomo pa mayi wofedwa, n'kuyamba kuliza hutala. Atatopa ndi hutalayo ndi pamene anaimba.

Abiti anandifotokozera mmene anayankhulirana.

"Ndafika, ndili panja pano. Tulukani."

"Pepani bambo, tinapangana mawa. Makina ali kwa aneba, ndipo aneba achoka. Ine sindingatuluke, ndili pa eda."

"Muli kwa Eda? Ndiye bwerani. Kwa Edako ndi kutali?"

"Iyayi bambo, ndati ndili pa eda. Amuna anga..."

"Za amuna anu ine sizikundikhudza, amayi. Ndikufuna makina anga."

Bamboyo anadula foni. Patapita kanthawi anaimbanso, ndipo ulendo uno anamva foni ikulira m'nyumba momwemo, n'kuona katani ikugwedezeka. Basi, wapolisi wathu wagwira mbava! Anatsika m'galimoto, anagogoda pawindo, anazungulira nyumba yonse mpaka kubafa, akukuwa kuti akudziwa kuti muli munthu. Pomaliza anajambula nyumbayo n'kuponya chithunzi pa gulu ndi mawu awa:

"Chenjerani ndi mayi uyu. Ndayenda mtunda wautali, akundiuza kuti ali kwa Eda pomwe foni ikulira m'nyumba. Kodi Eda ameneyo ndi ndani? Awa ndi akuba, musawayerekeze."

Akuba! Munthu sanapereke ngakhale tambala. Amubera chiyani?

Ndipo mukudziwa mmene timachitira pa magulu amenewa. Palibe anafunsa. Tinkhope toseka tinayamba kugwa. Wina anati Eda ndiye bwana wa gulu la akubalo. Wina anati iyenso anali kukayika kalekale, munthu amene sanagulepo kwa Abiti ngakhale sipuni. Woyang'anira gulu anawachotsa Abiti nthawi yomweyo kuti aoneke wolimba. Pamene Asilamu a m'gululo ankatuluka mumzikiti n'kuyamba kulemba kuti abale inu, eda si munthu, chithunzi cha nyumba chija chinali chitafika kale m'magulu ena a ku Zomba ndi ku Lilongwe.

Nditabwerako ku Boma ndinawapeza Abiti atakhala pansi kuchipinda, foni ataivundikira pamkeka. Sanalire. Anangoti, "Amake Tadala, munthu uja wandizungulira nyumba ngati muli fisi. Chonsecho mwamuna wanga ngakhale dothi la pamanda pake silinaume."

Mpaka lero ndikakumbukira mtima umachita kuwira.

Tsono ndiyankhule ndi inu amene mumagula pa okushoni, chifukwa bambo wa ku Blantyre uja sali yekha. Kusadziwa eda si mlandu. Ngakhale ine pali zambiri za ku Chitipa zimene sindizidziwa. Mlandu ndi kusafuna kumva. Mayi anayamba kufotokoza, iye anadula foni. Akanangodikira mawu awiri otsatira, bwenzi zonsezi kulibe. Koma ayi, munthu akapambana okushoni amadziona ngati wagula makina, wagula nyumba, wagulanso mwini nyumba.

Kodi tsiku lotengera katundu mumaganiza kuti timalembera chiyani? Kukongoletsa chithunzi? Wogulitsa wa pa foni alibe shopu yokhala ndi chitseko chotsegula m'mawa mpaka madzulo. Kumene mukubwerako ndi kunyumba kwake, kumene amasamba, kumene amadwazika odwala ake, kumene amalira maliro ake. Akati Loweruka, pali chifukwa, ndipo sakakamizidwa kukuuzani chifukwacho. Zikasintha kumbali yanu, imbani mukadali kwanu. Mukafika, odirani ngati munthu woleredwa. Kuno ngakhale wodzagula nkhuku amayamba wapereka moni, osati hutala.

Enanu ndiye mumalakwa mwa mtundu wina. Mumati "ndili pafupi" mukadali pa Liwonde mukudya chipisi, wogulitsa n'kulephera kupita kumaliro a m'mudzi chifukwa chodikira inu. Mukafika mumayambanso kunenerera mtengo umene munatchula nokha anthu onse akuona. Apa papalika, apa pachita dzimbiri, tsitsaniko. Nanga pa chithunzi paja munali mutatsinzina? Munalepheretsa anzanu amene ankafunadi katunduyo kuti mudzachite chibwana pakhomo pa eni ake?

Za kutumiza ndiye musandiyambe dala. Malemu Che Yusufu ankabwera kumsewu thukuta lili kamukamu, atapereka katundu kwa kondakitala, atatumizira wogula nambala ya galimoto ndi ya kondakitalayo. Kukafika ku depoti, foni ya wogula yazima. Kondakitala amaimba kuno n'kumatukwana munthu wamkulu, chifukwa minibasi yadzaza ikufuna kubwerera ndipo batire la eni lili pansi pa mpando. Tsiku lina fani inapita ku Limbe n'kubwerera kuno, n'kupitanso, mpaka inafika itathyoka phiko. Mwini wake anali ku ukwati, foni ili m'chikwama. Koma polemba pa gulu analemba kuti katundu wa ku Nkope amabwera wothyoka. Mukati tumizani, khalani pafupi ndi foni, mukadikire galimoto ku depoti. Kondakitala si m'bale wanu woti azikusungirani katundu.

Chimene chimandinyansa kwambiri ndi ichi. Katundu akafika bwino, nonse mumangoti zii. Abiti agulitsa zinthu zambirimbiri pa gulu limene lija. Muli anthu amene mukuphikira m'mapoto awo, mukuonera mpira pa batire lawo. Lachisanu lija munali kuti? Kulemba kuti "ine ndinagulako, ndi mayi wachilungamo" kukanakudyerani mayunitsi angati? Zala zanu zimafulumira ponyoza pokha, pothokoza zimachita dzanzi.

Musandimve molakwa. Akuba pa foni alipo, ndipo ndi ambiri. Pali anthu amene alira chifukwa chotumiza ndalama kwa munthu wojambula filiji ya mu shopu ya eni. Mukaberedwa zoona, kuwani ndithu, nanenso ndikuthandizani kukuwa. Koma musanalembe mawu oti wakuba pa dzina la munthu, mtima uyambe watsika. Funsani woyang'anira gulu, funsani wina wa kuderalo, gonani kaye. Mawu a pa foni sabwezeka ngati a pa mowa, oti mawa udzati ndinaledzera. Amatumizidwa kwa anthu amene sadzamva n'komwe kuti munalakwitsa. Ndipo kujambula nyumba ya mayi amene akugona yekha ndi ana, n'kuionetsa dziko lonse, kumeneko ndi kuchenjeza anthu kapena kulozera akuba enieni njira?

Loweruka m'mawa ndinamuimbira bamboyo. Ndinadzigwira, ndinapereka moni, ndinamufotokozera kuti eda ndi chiyani ndiponso kuti Che Yusufu anali ndani. 

"Aa, pepanitu amayi," anatero. "Nanga bwanji sananene?"

"Ananenatu bambo. Inu ndi amene munadula foni."

"Eee, koma mudziwa, masiku ano akuba achuluka. Muwauze kuti pepani kwambiri. Kodi makina aja akadalipo? Mukhoza kungoika pa minibasi?"

Ndinamuuza kuti makina alipo, koma choyamba alembe pa gulu zomwe wandiuzazo, pamalo pomwe anatukwanira. Apa mawu anasintha. Akuti pa gulu paja pali anzake a kuntchito, akuti zingamuchititse manyazi, akuti afufuta uthenga uja mwakachetechete ndipo nkhani ithere pomwepo. Anafufutadi. Pamene panali chipongwe chija panangotsala kamzere konena kuti uthenga wafufutidwa. M'magulu ena muja chithunzi cha nyumba chikadali momwemo.

Manyazi ake iye ndi olemera kuposa dzina la mayi wamasiye. Makina sindinatumize, ndipo sinditumiza.

Woyang'anira gulu anawabwezeramo Abiti akuluakulu ena atamukalipira, nayenso osanena kalikonse pa gulu. Lachiwiri Abiti anaika mbale zagalasi, zabwinobwino, zoti kale bwenzi amayi akulimbirana. Nthawi yotsekera inakwana popanda ngakhale mmodzi wotchula mtengo. Wina anangolemba pansi pake kuti, "Moni kwa Eda," n'kuikapo kankhope koseka.

Dzulo ndinapita kukawaona. Anandipatsa foni yawo m'manja, muli zithunzi za katundu amene watsala m'nyumba.

"Amake Tadala," anatero, "muziika inu pa gulu, pa dzina lanu. Musanene kuti ndi zanga."

Ndinawauza kuti adikire pang'ono, anthu aiwala.

"Ana adya kudikirako? Ikani basi. Dzina langali lasanduka nthabwala."

Kuno mkazi akamatchedwa Abiti Jafali ndiye kuti ndi mwana wa Che Jafali. Ndi dzina la bambo ake omubereka, limene ngakhale ukwati sunamuchotsere. Ndinalandira foniyo, chifukwa ana ayenera kudya, ndipo mbale zija ndaziika lero m'mawa pa dzina langa. Anthu ayamba kale kupikisana.

Inu bambo wa ku Blantyre, ndikudziwa kuti mukadali pa gulu paja, ndimakuonani mukutchula mitengo ya matayala. Mwamuna wa mayiyu anamutenga ndi Mulungu, ndipo zimenezo palibe angafunse. Nanga dzina lake, inu munalitenga ngati ndani?