Mabulosi a m'ndowa ya penti

Chaka changa chachiwiri ku Doha ndinali dalaivala wa banja lina cha ku Ras Abu Aboud, koma ndinkagona ku Al Muntazah, m'chipinda cha anthu anayi. Tsiku lina mu Disembala madamu a pabanjapo anandituma kukataya maluwa a m'miphika amene anatopa nawo. Pakati pa miphikayo panali kachitsamba kaminga, masamba ake otuwa kunsi. Ndinakazindikira ndisanakagwire n'komwe. Anali mabulosi aminga, onga aja amamera m'phiri la Zomba, amene mkazi wanga ankathyola n'kumagulitsa m'mbale m'mphepete mwa msewu wokwera phirilo.

Ndinapempha madamu. Ali pa foni anangokupiza dzanja, n'kunena m'chinenero chawo kuti yalla, tenga.

Ndinakaoka m'ndowa ya penti n'kukaika pakhonde lakuseri, pomwe madzi a makina oziziritsa m'chipinda ankadontha. Mmodzi wa anzanga a m'chipindamo anali bambo wachikulire wa ku Mangochi, mlonda wa pahotela. Atakaona anaseka, nati ndikungodzivuta, dziko lino ngakhale udzu umakhala pa kontirakiti.

Lachisanu, tsiku langa lopuma, ndinaimbira mkazi wanga pa vidiyo n'kumuonetsa. Anayang'anitsitsa kanthawi.

"Mwakathirira ngati mpunga," anatero. "Boolani ndowayo kunsi, bambo ake, muwoletsa mizu."

Kuyambira pamenepo macheza athu anasintha. Kale tinkangokamba za denga lodontha ndi za sukulu ya ana athu awiri, foni n'kutha tonse titakwinya nkhope. Tsopano ankayamba ndi kufunsa za kachitsamba. Anandiuza nthambi zodula ndi zosiya, anandiletsa kukaika poomba dzuwa la masana. Maluwa oyera atatuluka mu Januwale anandifunsa ngati kuno kuli njuchi. Nditati sindinaionepo pakhondepo, anati ndizisisita maluwawo ndi thonje lotokosera m'khutu. Ndinkatero m'mawa uliwonse ndisanapite ku ntchito, bambo a ku Mangochi aja akundiyang'ana ndi kapu ya tiyi m'manja, osasekanso.

Zipatso zinagwira zisanu zokha. Zitafiira ndinafuna kuthyola, mkazi wanga anakana. Anati maonekedwe ake ndi a mtundu wakuda, ndidikire. Patatha masiku angapo zinadadi bii. Ziwiri ndinapatsa bambo aja, zitatu ndinadya iye akundionerera pa foni. Anandifunsa kukoma kwake. Ndinamuuza zoona, kuti zinali zowawasa ndipo njere zake zinandilowa m'mano. Anaseka kwambiri, kusekako n'kusanduka chifuwa. Anatsokomola nthawi yaitali, foni italoza kudenga. Atabwerera anati ndi chimfine cha mvula chabe. Nkhope yake inkaoneka yowonda, koma ndinati mwina ndi netiweki.

Mu Epulo, tsiku lina masana ndikuchokera kusukulu ndi ana a abwana, foni inalira m'thumba kangapo. Sindiyankha foni ndikanyamula ana. Nditawatsitsa ndinaona kuti ndi alamu anga, achimwene ake a mkazi wanga. Ndinawaimbira ndili m'galimoto momwemo, pageti.

"Alamu, limbani mtima. Mayi a ana atisiya m'mawa uno kuchipatala."

Anandiuza kuti mkazi wanga anayamba kudwala mvula itangoyamba, ndipo anawaletsa onse kundiuza, ati ndingasiye ntchito n'kubwera kudzangokhala. Maliro anali oti aikidwa tsiku lomwelo likapendeka dzuwa, monga timachitira Asilamu. Abwana anandimvera chisoni, anati andipezera tikiti, koma panalibe ndege yoti n'kundifikitsa kumanda asanakwirire. Nthawi imene ankamuika ndinali pakhonde paja, nditakhala pansi pafupi ndi ndowa. Bambo a ku Mangochi anapempha mnzawo kuti awagwirire shifiti. Anakhala nane, ndipo nthawi ya swala, mapemphero athu, itakwana anandidzutsa pondigwira mkono.

Ndinapita kumudzi patatha sabata, ndinakhalako mwezi umodzi. Ana ndinawasiya ndi apongozi anga. Pobwerera ndinapeza kutentha kwafika kale, kuja kumawotcha m'mphuno ukangotsegula chitseko. Bambo aja anali atalowetsa ndowa m'chipinda, pakati pa bedi lawo ndi langa, ndipo anzathu awiri aja sanadandaule ngakhale minga inkawakola mathalauza. Komabe masamba anali atapsa m'mbali, nthambi zikuuma kuyambira kunsonga.

"Ndayesetsa, achimwene," anatero, osandiyang'ana. "Chilichonse chimene munkachita ndachita."

Pofika mu Juni panatsala timitengo touma. Ndinapitiriza kuthirira masiku angapo ndikudziwa kuti palibe chimene ndikuthirira. Tsiku lina pochokera ku ntchito ndinapeza ndowayo palibe, pansi atasesapo. Sindinafunse, nawonso bambo aja sanandiuze.

Kontirakiti ndinarinyuwa, poti ana ayenera kuphunzira. Wamkulu, mtsikana, ndiye amandiimbira tsopano Lachisanu. Mwezi wathawu, tili mkati mokamba za mayeso ake, anangoyamba kundiuza zimene sindinamufunse. Anati miyezi yomaliza ija mayi ake sankathanso kudzuka okha. Likafika Lachisanu ankamuuza kuti awadzutse, awatsamiritse kukhoma, awapake mafuta kumaso ndi kuwamanga duku latsopano, kenako atuluke panja kuti asamveke akulira. Foni ikatha ankawapeza atagwera pamphasa, sakutha ngakhale kupempha madzi.

Ndinamufunsa chifukwa chake sanandiuze nthawi imeneyo. Anati mayi anamulumbiritsa. Kenako anandifunsa ngati ndamukwiyira. Ndinati ayi, mwananga, ndipo ndinabwereza kawiri chifukwa poyamba mawu sanatuluke bwino.