Khadi Yomwe Alamu Anga Anafafaniza

"Amake mwana, kodi mwayamba kuweta nkhumba m'nyumba ya kampani?" Anandifunsa choncho mayi a khomo loyandikana ndi lathu, Lamulungu masana, ine ndikuchokera kumpopi ndowa ili pamutu. Ndinaseka. Koma nditayandikira ndinadzimvera ndekha. M'nyumba mwanga munkalira chinthu ngati nkhumba yogwidwa miyendo, mwana wanga wa miyezi isanu ndi iwiri akulira nacho limodzi.

Ndiyambe ndi amuna anga. Asanapite ku Joni ankagwira ntchito m'fakitale ya tiyi, ndipo mnzawo wina kumeneko ndiye anawazoloweza nyimbo zotchedwa death metal. Poyamba ndinkadana nazo. Woimba amabangula ngati ali mu mgolo, liwu ngakhale limodzi osamveka, nyimbo kutalika mpaka madzi kuwira pamoto. Koma m'kupita kwa nthawi ndinaona kuti zili ndi dongosolo lake. Ng'oma imathamanga osapuma ngati mvula pamalata, magitala akukwera n'kutsika osasochera. Mwana atabadwa tinapeza kuti akavuta, ukangoyatsa kawailesi motsitsa, iye tulo. Pochoka, bambo ake anandisiyira memori khadi yawo. "Akalira muziika yachitatu," anatero.

Ndinkachita zomwezo ndikaweruka kothyola tiyi, mapewa akuwawa ndi dengu. Yachitatu isanathe mwana wagona.

Ndiye kunabwera alamu anga, ang'ono awo a amuna anga, munthu wamkulu ndi ndevu zake, wopalasa kabaza ku Luchenza. Kwathu kuno mlamu amakutchula kuti akazi anga, amavundukula poto osapempha, iwe osakwiya, akuti ndi chilamu. Loweruka anazula khadi m'kawailesi n'kunena kuti abweza mawa. Ndinayesa akufuna kukamvera chabe. Osadziwa akupita nayo kwa oika nyimbo pakompyuta, kukawauza kuti afafanize zonse malo apezeke.

Nditatula ndowa Lamulungu lija ndinawapeza atakhala pampando wa achimwene awo, akugwedeza mutu, mwana ali pamphasa misozi mbwembwembwe.

"Akazi anga, ndakukonzerani zinthu! Zija zinali za madala. Izi ndi deathcore, zamakono. Tamverani pomwe akudula apa!"

Ndinabereka mwana n'kumvetsera, poti ine sindifulumira kupsa mtima. Sindiname, mphamvu ilimo. Nyimbo imathamanga, kenako zii, kenako phu! phu! ngati akuponya matumba a feteleza kuchokera pa lole. Wokwera chitunda ndi njinga ingamukankhe ndithu. Koma nyimbo iliyonse imadula chimodzimodzi, ukamva ziwiri wamva zonse. Nanga mwana? Akati atsinzine pa zii paja, phu! wadzidzimuka. Asanapume, nkhumba ija yayamba.

"Za bambo ake zili kuti?" ndinafunsa.

"Zija? Kompyuta yadya. Aaa, musakwinye nkhope akazi anga, phokoso ndi phokoso basi."

"Alamu, inu tiyi simunathyolepo. Kaikeni masamba okhwima m'dengu, mukawauze akapitawo pasikelo kuti tsamba ndi tsamba basi, muone ngati sakubwezani."

Anaseka mpaka kugwira pamimba. Apongozi nditawadandaulira anati ndisakulitse nkhani, ndi chilamu. Chilamu chanji chofafaniza zimene sunaike ndiwe? Akanadya ndiwo zonse ndikanatchola zina kuseri kwa nyumba.

Loweruka lotsatira ndinakwera minibasi kupita ku Luchenza, mwana kumbuyo. Wapakompyuta anati ndimuuze maina a nyimbozo azifufuze. Ine ndidziwa maina? Ndinayesa kung'ung'udza, ndinayesanso kubangula pang'ono, anthu odikira pabenchi n'kufa nazo kuseka. Anandiikira zina, akuti nazonso ndi death metal. Mwina ndi zoona, koma mwana anazikana, ndipo inenso ndinamva kuti si zomwezo. Amuna anga pafoni anati maina sakuwadziwa, mnzawo uja anawapatsa zili ndi manambala okha, ndipo iyeyo anabwerera kwawo ku Mozambiki kalekale. Kenako anafunsa ngati zina zonse za pakhadipo zinapita nazo. Apa m'pamene ndinakumbukira kuti khadiyo inkakhala m'foni mwawo isanalowe m'kawailesi.

Zinapita nyimbo zonse. Zinapita zithunzi za tsiku lomwe tinatuluka m'chipatala, ndi kakanema ka bambo akusambitsa mwana wawo koyamba. Linapitanso ola limodzi patsiku lomwe ndinkagwira ntchito zapakhomo msana uli wopanda munthu.